Windows, Mac kapena Linux: mtolo wa pulogalamu ya sayansi muumasulire kuti?

Mapulogalamu ambiri amene akatswiri amayerekezera nawo zinthu zachilengedwe ndi aulere. Yoonetsa mmene madzi amayendera pansi pa nthaka, yolosera za nyengo, yoonetsa mmene mbewu ingakulire mvula ikachepa, yoonetsa mmene matenda amafalikira pagulu, onsewa mukhoza kuwatenga pa intaneti osalipira kanthu. Pamene anthu amakodwa ndi pa tsamba la dawunilodi. Mumapeza mafayilo ali ndondondo, mayina ake ofananafanana, ina ikuthera ndi .msi, ina .dmg, ina .zip, ina .tar.gz, pansi pake palinso ena awiri olembedwa kuti Source code. Mukatenga yolakwika, kapena yolondola koma n'kuimasulira pamalo olakwika, dzuwa limalowa mukulimbana ndi pulogalamu imene ilibe vuto lililonse.

Ambiri amayamba ndi kufunsa kuti, kompyuta yangayi ndi ya Windows, ndiye nditenge iti? Funso limenelo likhale lachiwiri. Loyamba ndi lakuti, pulogalamuyi anailembera pa sisitimu iti, nanga eni ake amaiyesera pati? Mukayankha limeneli, njira zambiri zimadzitsekera zokha.

Pulogalamu iliyonse ili ndi kwawo

Alipo mapulogalamu amene kwawo ndi ku Windows. HEC-RAS, imene US Army Corps of Engineers inapanga kuti iziyerekezera kuyenda ndi kusefukira kwa mitsinje, ndi imodzi mwa iwo. Momwemonso EPANET ya bungwe la EPA la ku America, yoonera mmene madzi amayendera m'mapaipi, komanso DSSAT ndi AquaCrop ya FAO, zomwe ndi za mbewu. Mabatani ake, mabuku ake ophunzitsira, ngakhale mayankho amene anthu amapatsana akakodwa, zonse zimaganizira munthu wa Windows. Ngati muli ndi Mac kapena Linux yokha, pezani Windows basi, kaya pa kompyuta ina kaya m'kati mwa virtual machine, yomwe ndi kompyuta yongoyerekezera yoyenda m'kati mwa kompyuta yanu. Ena amayesa kudzera mu Wine, chida choyendetsera mapulogalamu a Windows pa Linux ndi Mac, ndipo nthawi zina zimatheka, koma tsiku limene zotsatira zidzaoneke zachilendo simudzadziwa ngati cholakwa ndi modelo yanu, chiyerekezo chimene mwapangacho, kapena Wine.

Ena kwawo ndi ku Linux. WRF ya zanyengo, yomwe imasamalidwa ndi NCAR, bungwe lofufuza zanyengo ku Boulder, Colorado, ili m'gulu limeneli, pamodzi ndi OpenFOAM yoyerekezera kayendedwe ka mpweya ndi zamadzimadzi, ndi GROMACS ya mamolekyulu. Awa anakulira pa makompyuta akuluakulu a m'mayunivesite ndi m'malo ofufuzira, ndipo kumeneko Linux ilibe mnzake: kuyambira mu 2017, makompyuta onse 500 a pa mndandanda wa TOP500, wa makompyuta amphamvu kwambiri padziko lonse, amayendera Linux.

Ndiye pali okhala paliponse. NetLogo, yoyerekezera zochita za anthu, nyama kapena zinthu zina pagulu, imene Uri Wilensky anayambitsa mu 1999 ndipo ikusamalidwa ku Northwestern University, imayendera Java, ndipo mtolo wake umabwera ndi Java yakeyake kuti musavutike kufunafuna. MODFLOW ya bungwe la USGS la ku America, yoonetsa madzi a pansi pa nthaka, yomwe inayamba mu 1984 n'kufika pa MODFLOW 6 mu 2017, imapezeka yomangidwa kale ya masisitimu onse atatu. Ngati pulogalamu yanu ili m'gulu ili, khalani pomwe mulipo, musasinthe sisitimu chifukwa choti wina wakuuzani kuti akatswiri enieni amagwiritsa ntchito Linux.

Installer, mtolo wamba, kapena source code

Mafayilo a pa tsamba la dawunilodi aja amagwa m'magulu atatu. Oyamba ndi odziika okha: .msi ndi .exe pa Windows, .pkg pa Mac, .deb pa Ubuntu ndi Debian, .rpm pa Fedora. Mumadina, mumavomera, pulogalamu n'kupezeka pa menyu. Kwa munthu amene akungofuna kuphunzira, njira imeneyi ndi yabwino kuposa zonse. Chovuta chake n'chakuti kawirikawiri imafuna pasiwedi ya administrator, imene pa kompyuta ya kuntchito kapena ya kusukulu mwina mulibe. Chinanso, version yatsopano ikhoza kulowa m'malo mwa yakale osakufunsani kawiri.

Achiwiri ndi mitolo wamba, .zip kapena .tar.gz, imene m'kati mwake muli pulogalamu yomangidwa kale. Palibe chodziika. Mumamasula m'foda imene mwasankha, pulogalamu n'kukhala momwemo. Ineyo njira imeneyi ndimaikonda pa ntchito ya kafukufuku, chifukwa mukhoza kusunga ma version awiri kapena atatu moyandikana, foda iliyonse ndi dzina lake. Zotsatira za modelo zimatha kusintha pang'ono version ikasintha. Wina akadzakufunsani patapita zaka ziwiri kuti manambala a mu lipoti lanu anachokera kuti, mudzafuna pulogalamu yomweyo imene munagwiritsa ntchito, osati yatsopano.

Achitatu ndi source code, malemba enieni a pulogalamu amene muyenera kumanga nokha ndi compiler, chida chosandutsa malembawo kukhala pulogalamu yoti iyende. Nayonso imabwera ngati .tar.gz, n'chifukwa chake anthu amaisokoneza ndi gulu lachiwiri lija. Amamasula, n'kuyamba kufunafuna choti adine, koma amangoona mafoda odzaza mafayilo a Fortran ndi C++. Njira imeneyi imadya nthawi, koma siyongodzizunza. GROMACS ikamangidwa pa kompyuta yomwe igwirirepo ntchito imadziwa mphamvu za purosesa yake, ndipo liwiro lake limasiyana kwambiri ndi yomangidwira kompyuta iliyonse.

Pa gulu loyamba ndi lachiwiri yang'ananinso purosesa. Dzina likakhala ndi x86_64, x64 kapena amd64, ndi la mapurosesa a Intel ndi AMD. Likakhala ndi arm64 kapena aarch64, ndi la ARM, monga Mac za M1 ndi zotsatira zake. Pa Mac ndi Linux lembani `uname -m` mu Terminal, windo lolemberamo malamulo opita kwa kompyuta, ikuuzani.

Msampha wa pa GitHub, tsamba limene eni mapulogalamu ambiri amaikapo ntchito yawo, ndi uwu. Pansi pa version iliyonse imene yatulutsidwa (release) pamakhala maulalo awiri olembedwa kuti Source code, wina wa zip wina wa tar.gz. Amenewa amapangidwa ndi GitHub yokha, osati eni pulogalamu, ndipo salowetsamo zigawo zimene zimasungidwa kwina monga submodule. Eni WRF amachita kuchenjeza pa tsamba lawo kuti mutenge fayilo imene iwo anaika, chifukwa inayo ilibe gawo la Noah-MP loyerekezera nthaka ndi zomera. Mukatenga yolakwika, mudzadziwa mochedwa, kumanga kutafika kale pakati.

Dawunilodi yeniyeniyo

Pa fayilo ya ma MB ochepa, browser ndi yokwanira. Pa yaikulu, makamaka netiweki ikamadukaduka, Terminal imapambana chifukwa imapitiriza pomwe inalekezera. Pa Linux ndi `wget -c` kenako linki. Pa Mac, pomwe wget sibwera yoikidwa kale, ndi `curl -L -C - -O` kenako linki, ndipo curl yomweyo ilinso pa Windows 10 ndi 11. Chilembo cha L chija musachiiwale. Masamba ambiri amakutumizani ku adilesi ina komwe kuli fayilo yeniyeni, ndipo popanda L mumalandira kafayilo kakang'ono ka dzina lolondola koma m'kati mwake muli tsamba la intaneti. Mukakamasula, tar, chida chomasulira mitolo, pa Linux imadandaula kuti `not in gzip format`. Mukaona uthenga umenewu, yambani mwaona kukula kwa fayiloyo musanaganize zina.

Fayilo ikhoza kuoneka kuti yatha koma ili yoduka kapena yowonongeka. N'chifukwa chake eni mapulogalamu ambiri amaika pambali pake mzere wautali wa zilembo ndi manambala, wa SHA-256 kapena MD5. Mumawerengetsa wanu n'kuyerekeza ndi wawo. Pa Linux ndi `sha256sum`, pa Mac `shasum -a 256`, pa Windows `Get-FileHash` mu PowerShell, yomwe ili ngati Terminal ya Windows. Sizitenga mphindi, koma ndi anthu ochepa amene amachita. Zikasiyana ngakhale chilembo chimodzi, fufutani muyambirenso.

Onaninso malo pa disiki musanayambe. Pulogalamu yokha ikhoza kukhala yaing'ono koma deta yake ayi. Mapu a mapiri, nthaka ndi zomera amene WRF imafuna amabwera mu mtolo wa pafupifupi 2.6 GB, koma ukamasulidwa umafufuma kufika pafupifupi 29 GB, ndipo nthawi yomasulayo mtolo ndi zomasulidwazo zimakhala pa disiki limodzi.

Pa Windows

Cholakwa chofala kwambiri n'choti Windows imakulolani kulowa m'kati mwa .zip ngati kuti ndi foda wamba. Mumaona mafayilo onse, mumadina pulogalamu, iyo n'kukana kapena kudandaula kuti fayilo yothandizira ya DLL yakutiyakuti sikupezeka. Chachitika n'chakuti Windows yatulutsa fayilo imodzi yokhayo n'kuiika pamalo ongoyembekezera, anzake onse atsala mu mtolo. Dinani kumanja, sankhani Extract All, kenako gwirani ntchito m'foda yatsopanoyo.

Musanamasule, dinani kumanja pa .zip, pitani ku Properties, ndipo ngati pali kabokosi ka Unblock kachongeni. Windows imaika chizindikiro pa chilichonse chochokera pa intaneti, ndipo mukamasula osachotsa, chizindikirocho chimafalikira ku mafayilo a m'katimo. Chitani zimenezi pokhapokha ngati fayilo mwaitenga pa tsamba la eni ake. SmartScreen, mlonda wa pa Windows, nayo imakonda kukayikira mapulogalamu a sayansi, osati chifukwa ndi oipa koma chifukwa ndi anthu ochepa amene amawatenga ndipo ambiri alibe siginecha ya kampani.

Kenako nkhani ya malo. Mapulogalamu ambiri pa Windows amalephera njira yopita ku fayilo ikapitirira zilembo 260. Zimaoneka zambiri, koma foda ya Downloads ili kale m'kati mwa Users ndi dzina lanu, Extract All imapanga foda ya dzina la mtolo, m'kati mwake mumapezekanso ina ya dzina lomwelo, ndipo zitsanzo za modelo zimakhala zozama. Pangani foda yaifupi monga `C:\mamodelo` n'kumasulira momwemo. Dzina lake lisakhale ndi mpata kapena zilembo zachilendo, chifukwa mapulogalamu akale a Fortran ndi ma script ena amadula dzina pomwe pali mpata. Sizongochitika kuti DSSAT 4.8 imadziika pa `C:\DSSAT48` osati mu Program Files. Pewaninso Desktop ndi Documents ngati zikulumikizidwa ndi OneDrive, yomwe imasungira mafayilo anu pa intaneti. Modelo ikamalemba mafayilo mazanamazana, OneDrive imayamba kuwakweza nthawi yomweyo, nthawi zina n'kugwira fayilo imene modelo ikufuna kulembamo.

Tengani MODFLOW 6. Mwamasula bwino, mwalowa m'foda ya bin, mwapeza mf6.exe, mwadina kawiri. Kawindo kakuda kathwanima n'kuzimiririka. Apa ambiri amaganiza kuti dawunilodi yawonongeka n'kuyambiranso. Palibe chawonongeka. Pulogalamuyi ilibe mabatani. Ikadzuka imafunafuna fayilo yotchedwa mfsim.nam m'foda imene yaitaniridwa, ikaisowa imanena kenako n'kutseka, ndipo kawindoko kamatseka nayo musanawerenge. Tsegulani Command Prompt, windo lakuda lolemberamo malamulo, lowani m'foda ya chitsanzo chimodzi yomwe muli mfsim.nam, itanirani mf6.exe kuchokera pamenepo, muiona ikuwerengetsa.

Nanga .tar.gz pa Windows? Kuyambira mu 2018 Windows 10 ili ndi tar yakeyake, moti `tar -xf` ndi dzina la fayilo zimagwira ntchito, ndipo kuyambira mu 2023 Windows 11 imatsegula mitolo imeneyi mu File Explorer. Palinso 7-Zip ya Igor Pavlov, yaulere komanso yodalirika, kungoti .tar.gz imaimasula kawiri, koyamba kutulutsa .tar kenako kumasula .tar yo. Kutheka kumatheka. Koma ngati .tar.gz yo ndi ya pulogalamu ya Linux, musaimasulire pa Windows konse, chifukwa chake tichiona pansipa.

Pa Mac

Mac ndi m'bale wake wa Unix, choncho Terminal, tar ndi curl zilipo kale. Fayilo ya .dmg imatseguka ngati disiki, ndipo mumakoka pulogalamu kuiika mu Applications. Musaiyendetsere m'kati mwa .dmg momwemo. Pa NetLogo kokani foda yonse, chifukwa zitsanzo za mamodelo ndi zowonjezera zake zili m'fodamo.

Safari ili ndi chizolowezi chomasula yokha mafayilo amene ikuona kuti ndi otetezeka. Mumatenga .tar.gz, mu Downloads n'kupezamo .tar. Malangizo a eni pulogalamu sakugwirizananso ndi zomwe muli nazo, ndipo SHA-256 ija singafanane. Zimitsani zimenezi mu Settings ya Safari, kapena gwiritsani ntchito curl.

Mlonda wa pa Mac ndi Gatekeeper. Pulogalamu imene sinatsimikiziridwe ndi Apple imaikana, nthawi zina n'kunena kuti yawonongeka pamene ili bwinobwino. Kale munkangodina kumanja n'kusankha Open, koma kuyambira pa macOS Sequoia ya 2024 njira imeneyo inatsekedwa. Tsopano mumayesa kutsegula, ikakana mumapita ku System Settings, Privacy & Security, n'kudina Open Anyway. Pa mapulogalamu a mu Terminal okhala ndi mafayilo ambiri, kuvomereza imodziimodzi n'kotopetsa, ndiye anthu amalemba `xattr -dr com.apple.quarantine` ndi dzina la foda. Lamulo limeneli limachotsa chitetezo pa foda yonseyo, choncho likhale la zinthu zimene mukudziwa komwe zachokera.

Kuyambira mu November 2020, pamene M1 inatuluka, pali Mac za mitundu iwiri. Pulogalamu ya Intel imayenda pa Mac yatsopano kudzera mu Rosetta 2, chida cha Apple chotanthauzira malamulo a Intel, ndipo pa modelo yaing'ono simungazindikire. Zimavuta mukasakaniza, pulogalamu ya Intel ndi laibulale (chigawo chimene pulogalamu imadalira) ya arm64, pamenepo palibe chimayenda. Mapulogalamu akale a 32-bit anasiya kugwira ntchito kuyambira pa Catalina ya 2019, ndipo m'sayansi alipo ambiri amene eni ake anapuma pantchito osawakonzanso.

Wofuna kumanga source code pa Mac adziwe kuti zida zomangira za Apple, zotchedwa Xcode, zilibe compiler ya Fortran, ndipo mukalemba gcc, dzina la compiler yofala pa Linux, chimene chimayankha ndi compiler ya Apple yotchedwa clang. Compiler ya Fortran, gfortran, imabwera mukaika gcc yeniyeni kudzera mu Homebrew, chida choikira mapulogalamu pa Mac. Disiki ya Mac nayo, mmene imabwerera, siisiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono. OpenFOAM ili ndi fayilo ya vector.H ndi ina ya Vector.H, zosiyana ntchito, koma Mac imaziona ngati dzina limodzi. Muyenera kupanga gawo la disiki losiyanitsa zilembo musanamange, apo ayi dzerani njira ya kontena, imene tiione pansipa.

Pa Linux

Kuno kumasula ndi mzere umodzi, `tar -xf` ndi dzina la fayilo, kaya ndi .gz, .bz2 kapena .xz. Ndi bwino kuyamba ndi `tar -tf`, yomwe imangoonetsa za m'kati osatulutsa, chifukwa ilipo mitolo imene ilibe foda yakeyake ndipo imamwaza mafayilo pomwe mwaima.

tar inayamba mu 1979 pa Unix, ndipo imasunga zinthu zimene Windows ilibe malo ake enieni: chilolezo chosonyeza kuti fayilo iyi ndi pulogalamu yoti iyende, ndi ma symbolic link olozera ku mafayilo ena. Mukamasulira pa Windows n'kukopera ku Linux, zimenezi zimatayika panjira. Mumalemba `./configure`, yankho n'kukhala `Permission denied`. Imeneyo mukhoza kuikonza ndi `chmod +x`, koma mafayilo otere angakhale ambirimbiri. Choipa kwambiri n'choti script ikatsegulidwa n'kusungidwa pa Windows, mzere uliwonse umathera ndi chizindikiro china chosaoneka, ndipo Linux imati `bad interpreter`, pambali pake pali ^M. Ilipo dos2unix yotsukira, koma chosavuta ndi kunyamula mtolo uli wosamasula n'kukaumasulira komwe ukagwire ntchito.

Pulogalamu yomangidwa kale imakumana ndi vuto lina kuno: Linux si imodzi. Yomangidwira pa Ubuntu yatsopano ikafika pa seva yakale imati `GLIBC_2.34 not found`. Musayese kusintha glibc, laibulale yaikulu ya Linux ya pa kompyutayo, chifukwa sisitimu yonse yatsamira pamenepo. Mangani nokha, kapena pezani yomangidwira pa Linux yakale. Mbali inayi, za mu `apt`, chida choikira mapulogalamu pa Ubuntu ndi Debian, n'zosavuta kuika koma nthawi zambiri zimatsalira m'mbuyo, moti version yake ingakhale ya zaka zingapo zapitazo.

Kumanga kumasiyana kulemera. GROMACS imamvera: mwamasula, mwapanga foda ya build, cmake, make, make check, make install, mwatha. WRF imafuna kuleza mtima. Muyenera kukhala ndi laibulale ya netCDF, ndi ya MPI ngati mukufuna mapurosesa ambiri, zonse zomangidwa ndi compiler imodzimodziyo, kenako `./configure` ndi `./compile em_real`. Ikatha imatulutsa wrf.exe ndi real.exe, ndipo dzinalo lisakupusitseni, amenewa ndi mapulogalamu a Linux, pa Windows sangadzuke. Fayilo ya README kapena INSTALL iwerengeni musanalembe lamulo loyamba. Safunsa anadya phula.

Njira zodutsa pakati

Kwa munthu wa Windows amene akufuna WRF, OpenFOAM kapena GROMACS, WSL, njira ya Microsoft yoyendetsera Linux m'kati mwa Windows, inasintha zinthu. Inayamba mu 2016, ndipo WSL 2 ya 2020 imayendetsa kernel, mtima weniweni wa Linux, m'kati mwa Windows. Lamulo limodzi, `wsl --install`, limakupatsani Ubuntu popanda kugawa disiki. Poyerekeza ndi kuika masisitimu awiri pa kompyuta imodzi, iyi ndi yosaopsa, ndipo simuzimitsa kompyuta nthawi iliyonse mukafuna Excel. Chofunika kukumbukira ndi chimodzi: mtolo uikeni m'foda ya Linux, pansi pa `/home`, osati pa `/mnt/c`. Pa `/mnt/c` mukadali pa disiki ya Windows ndi malamulo ake a zilembo ndi zilolezo, ndipo kuwerenga ndi kulemba kumachedwa kwambiri. Kuyatsa WSL koyamba kumafuna administrator, choncho pa kompyuta ya kuntchito muyenera kupempha.

Conda, chida chotengera ndi kuika mapulogalamu, ndi njira ina, ndipo pa mapulogalamu amene amayendera limodzi ndi Python kapena R ndi imene ndingayambe kuyesa. Imatenga pulogalamu pamodzi ndi malaibulale ake onse, imaziika m'foda yanu popanda administrator, ndipo malamulo ake ndi ofanana pa masisitimu onse atatu. Ntchito iliyonse muipatse malo akeake, otchedwa environment, kuti zisamenyane. Conda muitenge kudzera mu Miniforge, yomwe imakoka kuchokera ku nkhokwe ya mapulogalamu ya conda-forge. Anaconda, njira ina yopezera conda, ndi yaikulu, komanso malamulo ake amafuna laisensi yolipira kwa mabungwe a antchito 200 kapena kuposerapo. Malire a conda ndi akuti si pulogalamu iliyonse ilimo, ndipo ina imapezeka ya Linux ndi Mac yokha.

Kontena, monga ya Docker, imanyamula pulogalamu pamodzi ndi Linux yake yonse. Pa kalasi ya anthu ambiri a makompyuta osiyanasiyana, kapena pofuna kuti mnzanu wakutali apeze manambala ofanana ndi anu, palibe yoposa imeneyi. Koma mitolo yake ndi yaikulu, pa Windows ndi Mac imayenda m'kati mwa virtual machine, ndipo kontena ya x86_64 pa Mac ya M1 imachita kumasuliridwa, choncho imachedwa. Kwa munthu mmodzi wofuna NetLogo kapena MODFLOW, kontena ndi katundu wosafunika. Pa makompyuta akuluakulu ogawana, Docker kawirikawiri saloledwa chifukwa imafuna mphamvu za administrator, ndipo m'malo mwake pamakhala Apptainer, yomwe mpaka mu 2021 inkatchedwa Singularity. Kumeneko yambani mwalemba `module avail` kuti muone mapulogalamu amene alipo kale. Nthawi zambiri oyang'anira anamanga kale pulogalamu yanuyo, yogwirizana bwino ndi makina awo kuposa imene mungamange nokha.

Njira iliyonse mungasankhe, mukamaliza yendetsani chitsanzo chimodzi mwa zomwe zabwera ndi pulogalamuyo musanalowetse deta yanu. Chikayenda, vuto lililonse lotsatira ndi la modelo yanu. Chikakana, bwererani ku mtolo.

Ngati kompyuta yogwirira ntchitoyo ilibe intaneti ndipo mukunyamula pa fulashi, onani mmene fulashiyo inakonzedwera. FAT32 silandira fayilo imodzi yopitirira 4 GB, ndipo imakana ngakhale malo alipo ambiri. exFAT ilibe malire amenewo ndipo Windows, Mac ndi Linux zonse zimaiwerenga, koma nayo sisunga zilolezo ndi ma link a Linux. Choncho pa fulashi pakhale .tar.gz yosamasula, pambali pake kafayilo kolembedwa version ndi SHA-256 yake, kuti mukafika muwerengetsenso musanamasule.